Minda ya John Buchanan ku Zomba ndi Blantyre: malo, khofi ndi njira ya pa Shire, 1876 mpaka 1904

Aliyense wogwira ntchito ya malo m'maboma a Zomba, Chiradzulu, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amakumana ndi maesiteti amene malire ake sagwirizana ndi mmene midzi yowazungulira inakhalira. Ukalondola mapepala a malo oterewa chobwerera m'mbuyo, kudutsa makampani amene anagulitsana, nthawi zambiri umakafika pa chikalata cha m'zaka za m'ma 1890 chotchedwa Certificate of Claim, chimene boma la atsamunda linkapereka povomereza kuti malowo ndi a mwini esiteti. Kuseri kwa chikalatacho kuli mzungu mmodzi, mfumu imodzi ndi mtolo wa nsalu.

Lipoti lino likutsata mmodzi mwa azungu oyambirira amenewo, John Buchanan. Tamusankha chifukwa pa iye zinthu zitatu zikuonekera pamodzi: anali mlimi weniweni wodziwa dothi, anali wogula malo, ndipo kwa zaka zingapo anali woimira boma la Britain limene linadzavomereza malowo. Zimene tikuona m'nkhani yake n'zakuti malo sanali ovuta kupeza. Chimene chinkamusowa mwini esiteti chinali anthu olima m'dzinja ndi njira yotulutsira mbewu, ndipo maekala ochuluka aja anadzagwira ntchito yopezera anthuwo pamene khofi anali atayamba kale kukanika.

Dziko limene analipeza

Buchanan anabadwa mu 1855 ku Muthill, m'dera la Perthshire ku Scotland, ndipo anaphunzira kusamalira maluwa ndi mitengo ku Drummond Castle. Anafika kuno mu 1876, ali ndi zaka 21, m'gulu la mpingo wa Church of Scotland limene linatsegula mishoni ya Blantyre m'dziko la mfumu Kapeni. Sanali mbusa. Ntchito yake inali ya kumunda.

Dera la kumtunda kwa Shire linali litangochoka m'zaka zoopsa. Ayao anali atalowa m'dzikolo cha m'ma 1860, Amang'anja ambiri n'kutsikira kuchigwa. Njala ya 1862 ndi 1863 inatha anthu m'mbali mwa Shire, malonda a akapolo anali mkati, ndipo kutsidya kwa mtsinje kunali Angoni a Maseko. Pofuna kudziteteza, anthu anamanga m'mapiri: Zomba, Malosa, Chiradzulu, Ndirande, Soche, Michiru. Mlendo akayang'ana chidikha cha m'munsi ankaona udzu ndi tchire, n'kumati kuno kulibe eni. Koma tchire lambiri linali matsala. Munda ukalimidwa zaka zingapo unkasiyidwa kuti ugone, mwiniwake n'kukaswa mphanje kwina, akudziwa kuti iye kapena adzukulu ake adzabwerera. Madambo, manda ndi nkhalango zotemako mitengo zinali ndi eni ake odziwika ngakhale panalibe nyumba pafupi. Kusamvetsa kumeneku, kapena kusafuna kumvetsa, ndi kumene kunabala milandu yonse yam'tsogolo.

Kuchigwa, kumene katundu aliyense ankadutsa, kunkalamulira Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika: Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya, Mlauli ndi anzawo.

Mu 1879 mishoni inatuma Buchanan kukatsegula nthambi ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, m'dziko la mfumu Malemia. Chaka chomwecho ku Blantyre kunachitika zoipa zimene siziyenera kubisidwa polemba za munthuyu. Amishoni ankadziweruzira okha milandu. Munthu wina woganiziridwa kuti wapha mayi anawomberedwa ndi mfuti, ndipo wamtengatenga wina amene katundu wake anasowa anakwapulidwa mpaka kufa. Mlendo wochokera ku Australia, Andrew Chirnside, anaulula nkhanizi ku Britain mu 1880. Mpingo unatumiza ofufuza, ndipo mu 1881 unachotsa ntchito mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, pamodzi ndi Buchanan ndi wantchito mnzake wa pamishonipo, George Fenwick. Buchanan anatsala ku Zomba n'kuyamba kulima payekha. Abale ake awiri, David ndi Robert, anamutsatira, ndipo kampani yawo inatchedwa Buchanan Brothers.

Malo a pa Mulunguzi anasankhidwa ndi diso la mlimi. Mtsinjewu suphwa m'chilimwe ndipo umatsika m'phiri, choncho madzi amatha kupatutsidwa ndi ngalande n'kuyenda okha mpaka kumunda popanda chopopera. Malowo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pozizira bwino kwa khofi wa mtundu wa arabica, ndipo phiri limakoka mvula yochuluka kuposa ya kuchidikha. Dothi loumbira njerwa, mitengo yomangira ndi midzi yogulako chakudya zonse zinali pafupi. Phirilo linalinso pothawira nkhondo ikabwera.

Ntchito ya khofi

Khofi wa kuno anayambira pa mtengo umodzi. Mu 1878 Jonathan Duncan anabweretsa ku Blantyre timitengo titatu tochokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka, ndipo njere zake ndi zimene zinafalikira m'minda yoyambirira. Buchanan ndiye anasandutsa khofiyo kukhala mbewu ya malonda.

Ndondomeko yake inali yotengera ku Ceylon (Sri Lanka ya lero), kumene alimi a ku Britain anaphunzirira khofi, ndipo wolima khofi lero aizindikira. Njere zimafesedwa pa nazale ya dothi lofewa, yokhala ndi denga la udzu pamwamba, pafupi ndi ngalande. Zimamera pakatha masabata 6 mpaka 8. Mbande zimakhala pa nazale miyezi 9 mpaka 12 zikuthiriridwa, ndipo denga limapepulidwa pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa. Pa nthawi yomweyo kumunda kumakhala kugwetsa mitengo, kutentha, kuzula zitsa ndi kukumba maenje. Dzenje lililonse limakhala lakuya ndi lotambalala mainchi 18 mpaka mapazi awiri, ndipo limakwiriridwa ndi dothi la pamwamba losakaniza manyowa, osati katondo wotuluka pansi. Pa mpata wa mapazi 6 mbali zonse, ekala imodzi imalowa mitengo 1,210. Munda wa maekala 100 ndiye kuti maenje 121,000, onse okumbidwa ndi khasu la m'manja isanagwe mvula yoyamba.

Kuwokera kumachitika mvula ikakhazikika, cha mu Disembala, tsiku la mitambo. Cholakwika chofala pa ntchito imeneyi ndi kupinda muzu waukulu poika mbande m'dzenje. Mtengo wotere umaoneka bwino chaka choyamba ndi chachiwiri, kenaka umafota m'chilimwe cha chaka chobereka chifukwa muzu sunatsike kukafika pachinyezi. Wowokera akamalipidwa potengera kuchuluka kwa mbande, ndipo kapitawo akakhala mmodzi pa anthu ambiri, vutoli silipeweka.

Mtengo umayamba kubereka chaka chachitatu. Maluwa amatuluka ndi mvula yoyamba ya Okutobala kapena Novembala, ndipo zipatso zimapsa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Zimathyoledwa zofiira zokhazokha, motero mtengo umodzi umabwerezedwa kangapo. Zothyoledwa tsiku limenelo ziyenera kusendedwa tsiku lomwelo, chifukwa zikagona m'dengu zimatentha ndipo njere zimanunkha. Zikasendedwa zimavundikidwa m'thanki kwa tsiku limodzi kapena awiri mpaka kuterera kwa pamwamba kutatha, kenaka zimatsukidwa ndi madzi ambiri oyera. Apa mpamene kufunika kwa Mulunguzi kumaonekera: kukolola kumafika m'chilimwe, pamene timitsinje tambiri taphwa. Kuyanika kumatenga pafupifupi masabata awiri pa thandala, njere zikutembenuzidwa ndi kuvundikiridwa usiku. Masiku a chiperoni, amene amabwera m'miyezi yomweyi, amatha kubwezera chinyezi m'njere zotsala pang'ono kuuma, ndipo khofi woikidwa m'thumba asanaumitsitse amachita nkhungu ali m'sitima. Pomaliza, makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya khofi wogulitsa.

Choncho mlimi ankalipira anthu zaka zitatu asanagulitse kanthu, m'dziko lopanda banki. Buchanan analibe chuma cha makolo, ndipo anapulumukira pa ntchito zina. Analima nzimbe pa Mulunguzi n'kumapanga shuga wogulitsa kwa amishoni ndi amalonda. Anatenga ntchito zomanga: nyumba ya kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes, imene abalewo anamanga ku Zomba cha mu 1886 ndi njerwa zootcha, ndi imene lero ili hotela ya Masongola. Anayesanso fodya wa Virginia, ndipo mu 1893 fodya woyamba wa dziko lino, wolemera mapaundi 40, anatumizidwa kunja. Mu 1885 anatulutsa buku lofotokoza dera la kumtunda kwa Shire, lokopa anzake kuti abwere kudzalima. Tinene pano kuti luso lake pa zomera silinali lokayikitsa. Anatumiza zomera zambiri za kuno kwa akatswiri ku Britain, ndipo zina, monga Aloe buchananii, zili ndi dzina lake mpaka lero.

Njira ya pamtsinje

Khofi wouma ku Zomba anali asanakhale ndalama. Poyamba ankanyamulidwa pamutu mamailosi pafupifupi 40 kukafika ku Blantyre, kenaka mamailosi ena pafupifupi 30 kutsika phiri mpaka padoko la kwa Katunga, kumunsi kwa mathithi a Kapichira. Ngolo za ng'ombe sizinkathandiza kwenikweni chifukwa misewu yabwino kunalibe ndipo kuchigwa kunali ntchentche za kashembe. Wamtengatenga mmodzi ankasenza mapaundi 50 mpaka 60. Tani imodzi ya mapaundi 2,240 inkafuna anthu 40, ulendo wa masiku angapo kupita ndi kubwerera, aliyense ndi kamba wake. Anthu amenewa ndi omwewonso ankafunika kumunda, ndipo kampani ya African Lakes ya ku Mandala, imene inayamba mu 1878 pansi pa John ndi Frederick Moir, inkawafunanso kuti anyamule katundu wopita kunyanja kudzera ku Matope.

Kuchokera kwa Katunga katundu ankakwera sitima yaing'ono kutsika Shire kukalowa mu Zambezi. Zaka zonse za m'ma 1880 sitimayo sinkafika kunyanja yamchere. Katundu ankatsitsidwa cha ku Mazaro, n'kunyamulidwanso pamutu mtunda waufupi kukafika pa mtsinje wa Kwakwa, kumene ankaikidwa m'mabwato opita ku Quelimane. Kumeneko ankadutsa m'manja mwa Apwitikizi okhometsa msonkho asanakwere sitima yaikulu. Kulikonse kumene thumba latsitsidwa ndi kukwezedwanso linkatha kunyowa, kung'ambika kapena kusowa. Zinthu zinapepukako pamene Daniel Rankin anadziwitsa mu 1889 kuti khomo la Chinde, amodzi mwa malo amene Zambezi amathirira m'nyanja yamchere, limalola sitima kulowa mumtsinjewo, ndiponso pamene pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linatsegula mitsinje iwiriyi kwa onse.

Mtsinje unkathanso kutsekeka. Mu 1884 Fenwick, yemwe uja anachotsedwa pamodzi ndi Buchanan, anapha mfumu Chipatula pa mkangano wa malonda. Anthu a Chipatula anamupha nayenso, anamiza sitima ya Lady Nyassa, ndipo njira inatsekedwa kwa kanthawi. Kumtunda kunalibe nsalu, mankhwala kapena makalata olowa. Chaka chomwecho Angoni a mfumu Chikusi anawoloka Shire n'kuwononga midzi ya kumtunda, anthu n'kuthawira m'mapiri ndi kumishoni. Mwini esiteti wa nthawi imeneyo analibe asilikali. Ankakhala mwa chilolezo cha mafumu, ndipo ankadziwa zimenezo. Buchanan mwiniwake anaziona mu 1888, ali wogwirizira udindo wa kazembe, pamene anthu a mfumu Makanjira anamugwira ku nyanja ya Malawi pamodzi ndi mbusa W. P. Johnson, kumuvula ndi kumumenya, n'kumumasula atalipiridwa dipo.

Vuto lina linali la madzi enieniwo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 nyanja ya Malawi inayamba kutsika, Shire n'kumaphwera. Sitima zinkatitimira pamchenga, doko linasunthira kumunsi ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, komwe ndi Nsanje lero, ndipo ulendo wa amtengatenga unatalika. Njanji yofika ku Blantyre inatha kumangidwa mu 1908, khofi atagwa kale.

Anthu ogwira ntchito

Pano mpamene pali mtima wa nkhaniyi. Ntchito yaikulu ya khofi wamng'ono, kuwokera ndi kupalira, imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Miyezi imeneyi banja lililonse limakhala m'munda mwake, kupalira ndi kubandira chimanga. Munthu wokhala ndi munda wake sangasiye chakudya cha ana ake chifukwa cha mikwamba ingapo ya nsalu. M'chilimwe anthu ankabwera ambiri, ntchito ili yochepa. M'dzinja udzu unkakula msanga pakati pa mizere, anthu kulibe. Khofi wa zaka ziwiri akamizidwa ndi udzu mwezi umodzi wokha amabwerera m'mbuyo chaka chathunthu.

Malipiro poyamba anali nsalu yoyera yoyezedwa m'mikwamba, mikanda ndi mchere. Ndalama zitayamba kuyenda m'zaka za m'ma 1890, wolima ankalandira pafupifupi mashiling'i atatu pamwezi. Alimi anayesa kuitana anthu akutali amene sakanatha kuthawira kuminda yawo: Atonga ochokera cha ku Bandawe, kenaka Angoni ochokera kutsidya kwa Shire, pa mgwirizano wa miyezi ingapo. Koma wobwera kutali amafunika kudyetsedwa, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi imene chimanga chimasowa m'midzi. Malo ogona anali misasa, matenda a m'mimba anali ofala, ndipo chikoti chinali m'manja mwa akapitawo m'maesiteti ambiri. Anthu ena ankafera panjira pobwerera kwawo.

Boma litakhazikika linabweretsa msonkho wa nyumba, umene pakati pa zaka za m'ma 1890 unali mashiling'i atatu pachaka, ofanana ndi malipiro a mwezi umodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo unakwera kufika mashiling'i 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka. Cholinga sichinabisike. Komabe njira imene inagwira kwambiri inali ya malo. Munthu wokhala pamalo a esiteti ankauzidwa kuti alipire lendi, ndipo lendiyo ankalipira ndi thukuta m'dzinja. Imeneyi ndiyo thangata. Alomwe atayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique cha mu 1899, pothawa nkhanza za kumeneko, eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa analibe malo ena ndipo sakanatha kukana. Mwambo wofala unali mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma m'maesiteti ena mwezi unkawerengedwa ndi matikiti amene kapitawo ankatha kukana kudinda ngati ndime sinathe, motero miyezi iwiri inkatalika kwambiri.

Mapepala

Kugula malo kunkayenda motere. Mzungu ankapita kwa mfumu ndi womasulira, n'kupereka mphatso. Malire ankatchulidwa ndi mitsinje, mapiri ndi njira, popanda woyeza malo. Pepala linkalembedwa m'Chingerezi, mfumu n'kuika chizindikiro cha mtanda pamaso pa mboni. Malo ena a Buchanan oposa maekala 3,000 cha ku Blantyre analipiridwa ndi mfuti imodzi, nsalu mayadi 32, zipewa zofiira ziwiri ndi tinthu tina ting'onoting'ono.

Mfumu ndi mlendo sankachita chinthu chimodzi. Mwa mwambo wa Ayao ndi Amang'anja, mfumu imapatsa mlendo pokhala ndi polima, mlendo amathokoza ndi mphatso, ndipo akachoka malo amabwerera. Mfumu siingathe kugulitsa dziko mpaka kalekale chifukwa si lake lokha, ndi la mbumba zimene zili pamenepo. M'nthawi ya nkhondo, kukhala ndi mzungu wamfuti pafupi kunalinso chitetezo, ndipo mafumu ena ankamufuna pa chifukwa chimenecho. Pepala la Chingerezi linkanena zina: kuti malo achoka m'manja mwa mfumu ndi anthu ake kotheratu.

Pepala lotere likanakhala lopanda mphamvu pakanapanda boma loliteteza. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera Shire ndi gulu lankhondo. Buchanan, monga wogwirizira ukazembe, analengeza kuti dziko la Amakololo ndi dera la kumtunda kwa Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain. Apwitikizi anamenyana ndi anthu a Mlauli chakumapeto kwa chakacho, Britain inaopseza Portugal mu Januwale 1890, ndipo mu 1891 dziko linakhala pansi pa Britain, Harry Johnston ali wolamulira, likulu lili ku Zomba pafupi ndi minda ya Buchanan. Sitikunena kuti Buchanan anachita zimenezi chifukwa cha minda yake yokha, pakuti amishoni ndi a Mandala ankafunanso zomwezo. Koma wolengeza chitetezocho anali mmodzi mwa eni malo aakulu m'dera lotetezedwalo, ndipo zimenezi ziyenera kulembedwa poyera.

Kuyambira 1892 Johnston ndi omuthandiza, makamaka Alfred Sharpe, anayamba kuunika zonena za aliyense wodzitcha mwini malo. Ankafunsa ngati wogulitsayo analidi mfumu ya malowo, ngati panalibe wina wolimbirana nawo, ndiponso ngati malipiro anali okwanira. Mtengo umene Johnston ankauona wokwanira unkayambira pa theka la peni kufika mapeni atatu pa ekala. Wopereka zochepa ankauzidwa kuwonjezera kapena malo ake ankadulidwa. Wokhoza ankalandira Certificate of Claim. A Buchanan Brothers anatsala ndi maekala 167,823, pafupifupi mahekitala 68,000. Eugene Sharrer anali ndi 363,034, ndipo a banja la A. L. Bruce, eni Magomero, anali ndi 169,448. M'dziko lonse zikalatazi zinakuta maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, ambiri mwa iwo kumpoto.

Tiyeni tiwerengere. Ngakhale malo onse a Buchanan akanagulidwa pa mtengo wapamwamba wa mapeni atatu, sakanapitirira £2,100. Malipiro a mwezi umodzi a wolima, mashiling'i atatu, ndi mapeni 36, mtengo wa maekala 12. Ndipo pamene khofi anafika pachimake, minda yonse ya khofi m'dziko muno pamodzi sinafike maekala 20,000. Malo a banja limodzi lokha anali oposa kasanu ndi katatu khofi yense wa dziko. Palibe mlimi akanalima malo otere. Ankasungidwa poyembekeza kuti mtengo udzakwera, ndiponso chifukwa cha anthu okhalapo.

M'zikalata zambiri Johnston anaikamo ndime yoteteza anthu: midzi ndi minda imene inalipo pa tsiku la chikalata isasunthidwe kapena kusokonezedwa popanda chilolezo cha boma. Ndimeyi inali ndi mabowo atatu. Mayina a midzi, chiwerengero cha nyumba ndi kukula kwa minda sizinalembedwe, choncho patapita zaka panalibe umboni wosiyanitsa mbadwa ndi wobwera. Matsala sanawerengedwe ngati minda, choncho banja likasiya munda wotopa n'kukaswa mphanje chapafupi linkasanduka mlendo wolipira lendi. Ndipo ndimeyo sinanene kanthu za ana ndi akamwini, m'dera limene mwamuna amakakhala kwa mkazi ndipo mudzi umakula ndi ana aakazi. Wofufuza mlandu wa malo a esiteti lero ayambe wayang'ana zinthu zitatu zimenezi, ndiponso afananize malire otchulidwa ndi mitsinje m'chikalata choyamba ndi mapu amene oyeza malo anadzajambula pambuyo pake, chifukwa timitsinje tina tinasintha mayina kapena njira.

Kugwa kwa khofi ndi mlandu wa 1903

Buchanan sanaone mapeto. Mu Malichi 1896, ali paulendo wopita ku Scotland, anamwalira ndi malungo ku Chinde ali ndi zaka 40. Ulendo wa m'chigwa ndi umene unkapha azungu ambiri a kumtunda, chifukwa sitima inkagona m'madambo odzaza udzudzu, makamaka ikatitimira. Kwinini analipo koma ankamwedwa mwa apo ndi apo. Zoti udzudzu ndi umene umafalitsa malungo zinatsimikizidwa ndi Ronald Ross mu 1897, chaka chimodzi Buchanan atamwalira.

Khofi anakwerabe zaka zingapo mpaka cha mu 1900, pamene kulemera kwa wotumizidwa kunja kunapitirira mapaundi 2 miliyoni. Kenaka anagwa mofulumira. Brazil inadzaza msika wa dziko lonse ndipo mitengo inatsika, pamene mtengo wa amtengatenga ndi sitima sunatsike. Mvula inavuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma zifukwa zina zinali m'munda momwemo. Khofi ankabzalidwa poyera popanda mitengo ya mthunzi, ndipo arabica wa padzuwa amabereka mopitirira mphamvu zake. Akapanda manyowa okwanira ndi kudulira nthambi, amathira zipatso zambiri chaka chimodzi, masamba n'kuyoyoka, nthambi n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga. Ng'ombe zopereka manyowa zinali zochepa, feteleza kunalibe, ndipo kupalira koyeretsa pamalo otsetsereka kunkapereka dothi la pamwamba kwa mvula. Chonde cha mphanje chikatha pakatha zokolola zitatu kapena zinayi, alimi ambiri ankangotsegula malo ena, poti malo anali ambiri. Mitengo yofooka inagwidwa ndi mphutsi yoboola tsinde, imene imadya khungwa la m'munsi n'kulowa mkati, ndi kachirombo ka antestia kamene kamaboola zipatso zanthete n'kudetsa njere. Chilimwe cha kuno, cha miyezi 6 kapena 7 yopanda mvula, n'chachitali kuposa cha ku Ceylon kumene ndondomekoyo inachokera. Alimi anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Pofika 1901 minda ya Buchanan inali m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa, yotsogozedwa ndi R. S. Hynde. Kampaniyi inasainitsa anyakwawa a pamalo ake mgwirizano wakuti anthu awo azigwira ntchito m'dzinja m'malo mwa lendi, osasiyanitsa mbadwa ndi obwera. Mkulu wa boma woyang'anira nkhani za anthu akuda anakasuma, ndipo mu 1903 woweruza Joseph Nunan anagamula kuti mgwirizanowo unali wopondereza ndi wokomera mbali imodzi, kuti anyakwawa analibe mphamvu yotaya ufulu wa anthu awo, ndiponso kuti otetezedwa ndi ndime ija sayenera kulipira lendi. Anakayikiranso ngati mafumu anali ndi mphamvu yogulitsa malowo poyamba pomwe. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza za malo chaka chomwecho, ndipo mu 1904 linapanga lamulo lolola kupatula gawo la esiteti kuti likhale la anthu okhalapo. Eni maesiteti anakana, lamulolo silinagwiritsidwe ntchito, ndipo thangata anapitirira mpaka anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.